Ombudsman Ndi Munthu Wotumidwa: Nanga Wamutuma Ndani?

Pa mawu onse achilendo amene analowa m'malamulo a mayiko a chigawo chino cha Africa, ndi ochepa amene amapinda lilime ngati liwu lakuti ombudsman. Owerenga nkhani za Chichewa pa wailesi amalitchula momwemo osalimasulira, kenaka amawonjezera kuti ameneyu ndi mkulu womva madandaulo, kapena mtetezi wa anthu wamba. Ambiri amaliyesa liwu la Chingerezi, poti linafika pamodzi ndi malamulo olembedwa m'Chingerezi. Komatu Angerezi nawonso anachita kubwereka. Kwawo kwa liwuli ndi ku Sweden, ndipo munthu akaligawa zidutswazidutswa sapezamo madandaulo, sapezamo chitetezo, sapezamonso anthu wamba. Chimene chilimo ndi munthu wotumidwa. Nkhaniyi si ya akatswiri a zinenero okha, chifukwa wotumidwa aliyense amakhala ndi womutuma, ndipo mbiri yonse ya udindowu, kuchokera ku Stockholm kufika ku Lilongwe, Lusaka, Maputo ndi Pretoria, ndi mkangano wolimbirana amene akhale womutumayo.

Liwuli lili ndi zigawo zinayi: om, bud, s ndi man. Chigawo choyamba, om, chimanena za kuzungulira chinthu kapena za zimene zikukhudza chinthucho. M'chinenero chakale cha anthu a ku Scandinavia, chotchedwa Old Norse, chigawochi chinali um, ndipo chili pa ubale ndi um wa m'Chijeremani komanso amphi wa m'Chigiriki. Chigawo chachiwiri, bud, ndicho mtima wa liwu lonse. M'Chiswidishi cha lero bud ndi lamulo, ndi uthenga, ndi mthenga amene, ndiponso ndi mtengo umene wogula watchula pa okushoni. Malamulo Khumi a m'Baibulo anthu a ku Sweden amawatchula kuti tio Guds bud. Makolo awo anali ndi budkavle, kamtengo kamene kankayendetsedwa mudzi ndi mudzi poitanira anthu ku msonkhano kapena ku nkhondo, ndipo wokalandira ankayenera kukapititsa kwa mnzake. Mneni amene ali pa tsinde limodzi ndi dzinali ndi bjuda, kutanthauza kuitana, kupereka kapena kulamula.

Zigawo ziwirizi zikalumikizana zimabala ombud, amene m'chinenero chakale chija anali umboð: mphamvu imene munthu wapatsidwa kuti achite zinthu m'malo mwa mnzake. M'kupita kwa nthawi liwulo linayamba kunenanso munthu wopatsidwa mphamvuyo. Kachilembo ka s kamagwira ntchito yofanana ndi "wa" m'Chichewa, kusonyeza umwini, ndipo man ndi munthu kapena mwamuna. Choncho umboðsmaðr wa makedzana, amene ndiye ombudsman wa lero, ndi munthu wosenza mawu ndi mphamvu za wina. Akatswiri olondola magwero a mawu amapita patali kuposa apa. Amasonyeza kuti bud amachokera ku tsinde lakalekale lonena za kudzuka ndi kuzindikira, limene m'chinenero cha Sanskrit ku India linabala dzina lakuti Buddha, kutanthauza wogalamuka. Ubale umenewu ndi woona ndipo ndi wosangalatsa, koma sukusandutsa ombudsman kukhala munthu wogalamuka. Phunziro la phindu lili pafupi, pa ombud.

Umboni wa tanthauzoli uli m'kalankhulidwe ka tsiku ndi tsiku ka anthu a ku Sweden. Loya woimira munthu m'khoti ndi ombud wake. Wantchito amene anzake amusankha kuti aziyang'anira za chitetezo pa malo a ntchito ndi skyddsombud. Sitolo imene imalandira ndi kupereka katundu m'malo mwa positi ofesi ndi postombud. Mabungwe a anthu apantchito ndi zipani za ndale ali ndi antchito awo olembedwa amene amatchedwa ombudsman, ndipo palibe amene amayembekezera kuti anthu amenewa asakondere mbali. Iwo amalipidwa kuti aimire amene anawalemba ntchito. Ngakhale m'zolembedwa zakale nkhani ndi yomweyi. M'malamulo a chigawo cha Jutland ku Denmark, a chaka cha 1241, muli liwu lakuti umbozman, ndipo likunena za mtumiki wa mfumu woyang'anira dera. Ameneyu anali maso ndi dzanja la mfumu pakati pa anthu wamba, osati mtetezi wawo.

Udindo umene dziko lapansi likuudziwa lero unayambanso ngati utumiki wa kwa mfumu. Mu 1709 mfumu Karl XII ya ku Sweden, imene Angerezi amaitcha Charles XII, inagonja kwa Peter Wamkulu wa ku Russia pa nkhondo ya ku Poltava, ndipo inathawira m'dziko la Aturuki a ufumu wa Ottoman. Inakhala kumeneko zaka zisanu, ikulamulira dziko lake kudzera m'makalata oyenda miyezi. Mfumu ikakhala kutali, nduna ndi akalaliki amachita zawozawo. Ndiye mu October 1713, ili ku Timurtasch pafupi ndi mzinda wa Adrianople, umene lero ndi Edirne, inakhazikitsa udindo wa Högste ombudsmannen, kutanthauza wotumidwa wamkulu koposa. Ntchito yake inali kuonetsetsa kuti oweruza ndi ogwira ntchito za boma akutsata malamulo, ndi kuwazenga mlandu akapanda kutero. Pali olemba ena amene amati mfumuyo inatengera nzeruyi kwa Aturuki, amene anali ndi njira zawo zomvera madandaulo okhudza akuluakulu a boma. Kaya maganizowo anachokera kuti, liwulo silinachokere ku Turkey: linali litalembedwa kale m'malamulo a ku Scandinavia zaka zoposa 470 m'mbuyomo.

Karl XII anaphedwa ku nkhondo ku Norway mu 1718, ndipo mu 1719 udindo uja unasinthidwa dzina kukhala Justitiekanslern. Apa ndi pamene kulimbirana kunayambira. Kuyambira mu 1766 Nyumba ya Malamulo, yotchedwa Riksdag, inatenga mphamvu yosankha mkulu ameneyu, koma mu 1772 mfumu Gustav III inalanda ulamuliro ndi kubweza mphamvuyo kunyumba yachifumu. Mu 1809, Sweden ikutaya Finland m'manja mwa Russia, asilikali anachotsa mfumu Gustav IV Adolf pampando, ndipo pa 6 June chaka chomwecho dzikolo linavomereza malamulo atsopano oyendetsera boma. Olemba malamulowo sanalimbanenso ndi wotumidwa wa mfumu. Anamusiya pomwepo, n'kukhazikitsa wina wa Nyumba ya Malamulo, wotchedwa Justitieombudsmannen, amene mwachidule amangoti JO. Woyamba pa udindowu anali Lars Augustin Mannerheim, amene anasankhidwa mu 1810. Maudindo onse awiri alipo mpaka lero: wina ndi wa boma, wina ndi wa Riksdag, imene masiku ano imasankha anthu anayi kuti agwire ntchitoyi.

Chimene chinasintha pakati pa 1713 ndi 1809 si liwu, ndipo ngakhale ntchito yake sinasinthe kwenikweni. Onse awiri ankafufuza ngati ogwira ntchito za boma akutsata malamulo. Chinasintha ndi mwini wa uthenga. Woyamba ankafufuza m'malo mwa mfumu ndi kukanena kwa mfumu. Wachiwiri ankafufuza m'malo mwa oimira anthu ndi kukanena kwa iwowo. Kusintha kumeneku ndiko kunapatsa munthu wamba khomo logogodapo, popeza tsopano panali mkulu amene mpando wake sunadalire chisomo cha mwini boma. N'chifukwa chake mpaka lero JO sasowa mphamvu yofafaniza zigamulo za makhoti kapena za maofesi a boma, ndipo alibe mphamvu yotereyi. Chida chake chachikulu ndi kudzudzula poyera, ndipo chidzudzulocho chimalemera chifukwa aliyense akudziwa amene anamutuma.

Kwa zaka zoposa 100 udindowu unali wa ku Sweden kokha. Finland inaulemba m'malamulo ake mu 1919, Denmark inayamba mu 1955 ndi Stephan Hurwitz, amene analemba ndi kulankhula zambiri za ntchitoyi m'Chingerezi, ndipo New Zealand mu 1962 inakhala dziko loyamba lolankhula Chingerezi kukhala ndi ombudsman, Sir Guy Powles. Britain inatsatira mu 1967. Pa ulendo umenewu liwu linapepuka. Chingerezi chinatola tanthauzo limodzi lokha, la mkulu wofufuza madandaulo, n'kusiya tanthauzo lalikulu la woimira wina. Mayiko a mu Africa analandira liwuli kuchokera m'kamwa mwa Angerezi, litatha kale kusuluka.

Ngakhale zili choncho, funso la womutuma linawoloka nyanja pamodzi ndi udindowo. Tanzania inali yoyamba mu Africa, ndi bungwe la Permanent Commission of Enquiry mu 1966, ndipo Zambia inatsatira ndi udindo wa Investigator General m'malamulo a 1973. M'mayiko onse awiri, amene pa nthawiyo anali a chipani chimodzi, malipoti a zofufuzazo ankapita kwa pulezidenti. Kunena mwa mbiri ya ku Sweden, amenewa anali ana a 1713, osati a 1809. Zambia inasintha mu 2016, pamene inakhazikitsa udindo wa Public Protector, amene amasankhidwa ndi pulezidenti potsatira malangizo a bungwe la Judicial Service Commission, ndipo Nyumba ya Malamulo iyenera kuvomereza. Zimbabwe inakhazikitsa ombudsman mu 1982, koma malamulo a 2013 anathetsa ofesiyo, ntchito yake n'kupita ku bungwe loona za ufulu wachibadwidwe. Mozambique inatsata dzina la Chipwitikizi, Provedor de Justiça, m'malamulo a 2004, ndipo mkuluyu amasankhidwa ndi magawo awiri mwa atatu a aphungu, ngakhale kuti woyamba anadzasankhidwa mu 2012. South Africa inasankha dzina la Public Protector, amene amagwira ntchito zaka zisanu ndi ziwiri zosawonjezera. Malawi inasunga liwu la Chiswidishi momwe lilili m'malamulo a 1994, ndipo inasunganso mzimu wa 1809: mlembi wa Nyumba ya Malamulo amalengeza poyera kuti anthu apereke mayina, komiti ya aphungu yoona za maudindo a boma ndiyo imasankha, ndipo wosankhidwayo amapereka lipoti lake ku Nyumba ya Malamulo chaka chilichonse.

Alipo amene angatsutse kuti zonsezi ndi kufukula manda a mawu. Iwo angati tanthauzo la liwu lili m'kamwa mwa olilankhula lero, osati m'zikopa za mu 1241. Mfundo imeneyi ndi yolimba, ndipo Chichewa chomwe chikuichitira umboni. Liwu lakuti boma linachokera ku Chiswahili, kumene limanena za mpanda kapena linga. Linadzatanthauza ulamuliro chifukwa maofesi a atsamunda anali m'malo otchingidwa ndi mipanda, ndipo nthano yakuti ndi chidule cha mawu anayi a Chingerezi ndi yopeka, pakuti liwulo linalipo Angerezi asanayambe kulamulira. Lero palibe Mchewa wa ku Dedza, ku Katete kapena ku Angónia amene amaganiza za mpanda akamati boma lakweza msonkho, ndipo sakulakwitsa. Kalata, nsapato ndi kapitawo anachokera ku Chipwitikizi, koma palibe amene amafunsa chilolezo ku Lisbon asanawagwiritse ntchito. Gwero la liwu si mfumu yake.

Koma pali kusiyana pakati pa boma ndi ombudsman. Liwu la boma linakhazikika m'Chichewa, linabala miyambi ndi nthabwala, ndipo mwana aliyense amalidziwa. Liwu la ombudsman likadali mlendo amene sanavule nsapato. Kwa mlimi wa ku Mchinji kapena mayi wogulitsa tomato ku Chipata, liwuli palokha silinena kanthu, ndipo chimene iye adzamve ndi chimene womasulira wamuuza. Apa ndi pamene kumasulira kumasanduka nkhani yaikulu. Akauzidwa kuti ameneyu ndi womva madandaulo, adzayembekezera khutu lokha, ndipo sadzadabwa madandaulo ake akathera m'kabati. Akauzidwa kuti ndi mtetezi wa anthu, adzayembekezera munthu wa chishango ndi mkondo, ndipo adzakhumudwa akamva kuti mkuluyo sangamange munthu. Matanthauzo awiriwa ali ndi choona chake, koma onse amabisa chinthu chimodzi: sauza womverayo kuti mphamvu za mkuluyu ndi zobwereka, ndipo kuti mwini wake weniweni ndi iye womverayo.

Chichewa sichikusowa mawu onenera zimenezi. Chili ndi mthenga, nthumwi ndi kazembe, ndipo koposa onsewa chili ndi nkhoswe. Pa ukwati wa Chichewa pamakhala nkhoswe ya kuchimuna ndi nkhoswe ya kuchikazi. Nkhoswe silankhula zakezake. Imasenza mawu a mbumba imene yaituma, imamva mbali zonse banja likagwedezeka, imadzudzula ngakhale m'bale wake akalakwa, ndipo imabwerera kukafotokoza kwa eni ake. Ilibe ndende kapena apolisi, koma mawu ake amalemera chifukwa cha anthu amene ali kumbuyo kwake. Aliyense wodziwa mwambo angaseke atamva kuti mkamwini wasankha yekha nkhoswe zonse ziwiri ndipo ndiye amazidyetsa. Mkazi wa m'banja lotero alibe nkhoswe, ngakhale pa chinkhoswe panavinidwa. Fanizoli silikwana mbali zonse, poti nkhoswe imaimira banja limodzi pamene ombudsman amayang'anira boma lonse, koma likugwira chimene Chingerezi chinataya: kuti munthuyu ndi wotumidwa, ndipo ulemu wake umadalira amene wamutuma.

Milandu iwiri yotchuka ya m'chigawo chino inazungulira pa mfundo yomweyi. Mu March 2014, Thuli Madonsela wa ku South Africa anatulutsa lipoti la ndalama za boma zimene zinagwiritsidwa ntchito pa nyumba ya Pulezidenti Jacob Zuma ku Nkandla, n'kulamula kuti mwini nyumbayo abweze gawo lina. Kwa zaka ziwiri akuluakulu a boma ankatenga mawuwo ngati malangizo wamba, mpaka pa 31 March 2016 pamene khoti loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula kuti zimene Public Protector walamula ziyenera kutsatidwa pokhapokha khoti litazifafaniza. Zuma anabweza ndalama zokwana R7.8 miliyoni. Ku Malawi, mu 2016, Martha Chizuma anatulutsa lipoti la mathirakitala amene boma linagula ndi ngongole yochokera ku India kuti athandize alimi, koma ambiri mwa iwo anagulitsidwa. Loya wamkulu wa boma anatengera nkhaniyo kukhoti, kutsutsa kuti ombudsman analibe mphamvu yofufuza ndi kulamula zimene analamula, ndipo mu 2019 Khoti la Supreme linagamula mokomera ombudsman. M'milandu yonse iwiri, mkangano waukulu unali pa kukula kwa utumiki: wotumidwayu anapatsidwa mawu otani, ndipo kodi boma lingawanyalanyaze? Limeneli ndi funso la umboð, lofunsidwa m'makhoti a ku Johannesburg ndi ku Blantyre.

Chitsutso chachiwiri ndi chovuta kuposa choyamba. Ngati womutuma woyenera ndi Nyumba ya Malamulo, nanga m'mayiko amene chipani cholamula ndicho chili ndi aphungu ambiri, kusiyana kwake ndi kutumidwa ndi pulezidenti kuli pati? Zoona, nthawi zina kusiyanako kumachepa kwambiri. M'nkhani ya Nkandla, khoti linapeza kuti Nyumba ya Malamulo nayonso inalephera udindo wake poteteza pulezidenti m'malo moimira lipotilo. Koma yankho la vutoli lilinso m'liwu lomwelo. Aphungu nawo ndi nthumwi, ndipo mphamvu zawo anabwereka kwa ovota. Unyolo wa kutumana umayambira kwa munthu wamba, n'kudutsa kwa phungu, n'kufika kwa ombudsman. Mphete imodzi ikachita dzimbiri, mankhwala ake si kupereka unyolo wonse kwa mwini boma. N'chifukwa chake malamulo abwino amamanga mipanda pa kusankhaku: magawo awiri mwa atatu ku Mozambique, kulengeza poyera ku Malawi, nthawi yosawonjezera ku South Africa. Womutuma ali ndi mphamvu yomubweza wotumidwa wake, monga mmene aphungu a ku South Africa anachotsera Busisiwe Mkhwebane mu September 2023, koma kubwezako kuyenera kuchitika poyera ndi pa zifukwa zolembedwa m'malamulo.

Chigawo chotsiriza cha liwuli, man, chili ndi mkangano wakewake. Norway inayamba kale kugwiritsa ntchito ombud yekha, monga pa Barneombudet, woimira ana, amene anakhazikitsidwa mu 1981, ndipo mu 2021 inasintha dzina la Sivilombudsmannen kukhala Sivilombudet. South Africa ili ndi Tax Ombud ndi Health Ombud. Sweden inasunga ombudsman kwa amuna ndi akazi omwe. Ku Malawi, kumene Tujilane Chizumila, Martha Chizuma ndi Grace Malera agwira udindowu motsatizana, Chichewa sichivutika ndi nkhaniyi, chifukwa nthumwi, nkhoswe ndi munthu sasankha mwamuna kapena mkazi. Chochititsa chidwi n'chakuti mayiko amene anadula man sanataye kalikonse. Liwu limaimabe chilili, popeza msana wake ndi ombud.

Palibe chifukwa chosinthira dzina limene lili m'malamulo a dziko, ndipo liwu la Chiswidishili likhoza kukhala m'Chichewa monga akhalira kalata ndi boma. Chofunika ndi chimene atolankhani, aphunzitsi ndi omasulira amanena akangolitchula. Akati ombudsman, nthumwi ya anthu yoyang'anira ogwira ntchito za boma, kapena nkhoswe ya anthu pamaso pa boma, womvera amalandira tanthauzo lakale la liwulo pamodzi ndi muyeso woyezera udindowo. Amadziwa zofunsa dziko lake likamasankha munthu wa pampandowu kapena likamakonza malamulo ake: wamusankha ndani, ndalama za ofesi yake akugawa ndani, lipoti lake akalitula kwa yani, ndipo angamuchotse ndani. Mayankho onse akaloza kunyumba ya pulezidenti, dzikolo lili ndi wotumidwa wa Karl XII, ngakhale pa chikwangwani cha pakhomo palembedwe kuti mtetezi wa anthu.